Anne Carroll Moore, Mayi Amene Ankasankhira Ana Mabuku

Mu 1924 nyuzipepala ya New York Herald Tribune ya ku America inayamba kutulutsa tsamba lachilendo sabata iliyonse. Tsambalo linkakamba za mabuku a ana okhaokha: latsopano ndi liti, walemba ndani, zithunzi zake n'zotani, ndipo kodi n'loyenera kulipereka m'manja mwa mwana kapena ayi. Dzina lake linali The Three Owls, kutanthauza akadzidzi atatu. Kwathu kuno kadzidzi akalira padenga anthu amagona ndi nkhawa, koma kwa azungu mbalameyi imaimira nzeru. Kadzidzi woyamba ankaimira wolemba buku, wachiwiri wojambula zithunzi, ndipo wachitatu ankaimira munthu amene amawerenga bukulo n'kuligamula. Kadzidzi wachitatuyo anali Mayi Anne Carroll Moore, mkulu woyang'anira ntchito za ana m'malaibulale a boma a mumzinda wa New York. Kwa zaka zambiri mawu awo ndi amene ankalamula kuti buku la ana ligulidwe kapena lichite fumbi kwa olisindikiza.

Mayi Moore anabadwa pa 12 Julayi 1871 m'katawuni ka Limerick, m'chigawo cha Maine. Anali chitsiriza m'banja la anyamata 7, ndipo dzina limene anapatsidwa pobadwa linali Annie. La Anne anadzalitenga atakula kale, pothawa kusokonezedwa ndi mayi wina wolemba za maphunziro a ana amene ankatchedwanso Annie Moore. Bambo awo, a Luther Moore, anali loya, ndipo mtsikanayu ankawakonda kwambiri moti ankafuna kudzagwira ntchito yomweyo. Pa nthawi imeneyo munthu ankatha kuphunzira zamalamulo pokhala mu ofesi ya loya n'kumathandiza, choncho atamaliza sukulu ku Bradford Academy anabwerera kwawo kuti akayambire kwa bambo awo.

Koma zinthu sizinayende choncho. Kumayambiriro kwa 1892 kunabuka chimfine choopsa chimene chinatenga bambo awo, ndipo patangopita masiku ochepa mayi awonso anatsatira. Apa n'kuti ali ndi zaka 20, msinkhu wa ambiri a ife. Maloto a uloya anathera pomwepo, chifukwa ndi loya uti wina akanalola kuphunzitsa mtsikana m'masiku amenewo? Mlamu wawo wamkazi atamwaliranso, anakhala zaka zingapo akuthandiza mchimwene wawo kulera ana amasiye. Mu 1895 anapita ku Brooklyn kukaphunzira ntchito ya mulaibulale pa Pratt Institute, maphunziro a chaka chimodzi. Chaka chotsatira sukuluyo inawapatsa udindo woyang'anira chipinda chatsopano chowerengeramo ana.

Kuti timvetse kukula kwa nkhaniyi, tiyenera kudziwa mmene malaibulale a nthawi imeneyo ankaonera ana. Ambiri sankalola mwana wosakwana zaka 14 kubwereka buku, ndipo ena sankamulola n'komwe kulowa. Ankati ana ndi aphokoso, manja awo ndi akuda, ndipo akagwira buku saling'amba pang'ono. Kumene kunali mabuku a ana, nthawi zambiri ankawatsekera m'kabati, ndipo mwana ankachita kupempha. Mayi Moore sanayambe ndi kugula mabuku ayi. Anayamba ndi kuyenda. Anapita m'sukulu za mkaka kukaona mmene ana aang'ono amaphunzirira, analowa m'madera a anthu osauka ongobwera kumene kuchokera ku Ulaya, ndipo ankaimitsa ana mumsewu n'kuwafunsa zimene amakonda kumva. Atatero m'pamene anakonza chipinda chija. Anaikamo mipando ndi matebulo a msinkhu wa ana, mashelefu aafupi oti mwana adzitengere yekha buku, zithunzi pakhoma ndiponso maluwa. Zimenezi lero sitiziona ngati nkhani, koma pa nthawiyo zinali zododometsa.

Mu 1906 anasamukira ku New York Public Library kukayang'anira ntchito za ana m'nthambi zake zonse. Anafika pa nthawi yabwino, chifukwa mu 1901 mpondamatiki Andrew Carnegie anali atapereka madola 5.2 miliyoni omangira nthambi 65 za laibulale mumzindawo, ndipo nyumba zatsopano zinali kutsegulidwa motsatizana. Mayi Moore anachotsa lamulo la zaka lija. M'malo mwake anaika buku lalikulu pakauntala, ndipo mwana aliyense wotha kulemba dzina lake ankasaina m'menemo polonjeza kuti azisamalira mabuku ndi kumvera malamulo a mulaibulale. Akangosaina, basi, ankanyamula buku kupita nalo kunyumba. Ine ndimaona kuti pa zonse zimene anachita, chimenechi ndicho chinali chanzeru kwambiri. Mwana amene akulu ankamuona ngati woononga anayamba kukhulupiriridwa ngati munthu woti angapange pangano n'kulisunga. Pofika 1913, pa mabuku atatu aliwonse obwerekedwa m'nthambi za laibulaleyo, limodzi linali la ana.

Nyumba yaikulu ya laibulaleyi, ya pa Fifth Avenue imene ili ndi ziboliboli za mikango iwiri pakhomo, inatsegulidwa mu 1911, ndipo inali ndi chipinda chakechake cha ana. Mmenemo ndi m'nthambi zina munkachitika nthawi ya nthano, pamene wogwira ntchito ankakhala pansi ndi ana n'kuwasimbira nkhani pakamwa, luso limene Mayi Moore analikonda atamva katswiri wa nthano wa ku England, Marie Shedlock. Popeza ana ambiri a mumzindawo makolo awo sankayankhula Chingelezi, iwo ankagula mabuku a m'zinenero za makolowo ndi kukumbukira masiku a zikondwerero za kwawo. Antchito awo ankawaphunzitsa kulemekeza zinthu zinayi: ana, mabuku a ana, anzawo a pantchito, ndiponso ntchito yeniyeniyo ya woyang'anira mabuku a ana, imene ambiri ankaiona ngati ulezi chabe.

Kugamula mabuku poyera anakuyamba mu 1918 m'magazini yotchedwa The Bookman. Asanayambe iwo, manyuzipepala ankangotchula mabuku a ana Khirisimasi ikayandikira, ngati mmene angatchulire zidole za m'sitolo. Mayi Moore ankaliwerenga buku la ana ndi maso omwe munthu angawerengere buku la akulu. Ankafunsa ngati nkhaniyo ili ndi moyo, ngati chinenero chake n'chokoma pochiwerenga mokweza, ngati zithunzi zikunena kanthu kapena angozimatapo. Mu 1919 anagwirizana ndi Frederic Melcher ndi Franklin Mathiews, amene ankaona za mabuku m'bungwe la Boy Scouts, poyambitsa sabata yokondwerera mabuku a ana, imene ikuchitikabe chaka ndi chaka ku America. Tsamba la akadzidzi lija linayenda kuyambira 1924 mpaka 1930, ndipo pambuyo pake anapitiriza kulemba m'magazini ya The Horn Book. Olemba ndi ojambula ambiri anadziwika chifukwa choti mayiwa anawayamikira. Mu 1921 anakacheza kwa Beatrix Potter, mwini nthano za kalulu wotchedwa Peter Rabbit, kumudzi kwake ku England, ndipo ubwenzi wawo unakhalitsa.

Analinso ndi khalidwe lina losekesa. Ankayenda ndi kachidole kamtengo kotchedwa Nicholas, ndipo ankakakhazika patebulo n'kumayankhula nako ngati munthu. Akuti cholinga chinali kuthandiza ana amanyazi kuti amasuke, koma akuluakulu nawonso ankayembekezeredwa kukapatsa moni. Analemba buku lonena za chidolechi mu 1924, ndipo linalandira ulemu pa mphoto ya Newbery chaka chotsatira. Lero ndi ochepa amene amaliwerenga.

Apa tsopano nkhani ya Mayi Moore imayamba kuvuta. Malaibulale a m'matawuni ang'onoang'ono analibe ndalama kapena nthawi yowerenga buku lililonse, choncho ankangotsatira mndandanda umene New York inkatulutsa chaka chilichonse. Buku limene mayiwa alikana linkakanidwa pafupifupi m'dziko lonse. Patebulo pawo panali chidindo chimene ankadinda pa mabuku amene sanawakonde, chosonyeza kuti katswiri waona kuti si oyenera kugulidwa. Mabuku otsatizana a nkhani za ukazitape ndi maulendo, amene ana ankawalimbirana, iwo ankawaona ngati zinyalala. Munthu yemwe uja ankaimitsa ana mumsewu kuti amve maganizo awo anafika poti iye ndiye akudziwa zimene mwana ayenera kukonda.

Mkangano wawo waukulu, umene ife ophunzira zauphunzitsi tingaumve bwino, unali ndi Lucy Sprague Mitchell, amene anayambitsa sukulu yofufuza za kaphunziridwe ka ana yodziwika ndi dzina loti Bank Street. Mayi Mitchell, amene anatulutsa buku lawo la nkhani za ana mu 1921, ankati mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu sasowa mafumu ndi zilombo za m'nthano. Kwa iye chodabwitsa ndi chimene akuchiona, kuchimva ndi kuchigwira lero: sitima, nsapato, kulira kwa galimoto. Mayi Moore ankati nkhani zoterozo ndi zouma, zilibe ndakatulo, ndipo zimamana mwana mwayi wouluka m'maganizo. Onse awiri anali ndi mfundo. Aliyense amene anasimbirapo kamwana nthano ya kalulu amadziwa mmene maso ake amawalira, komanso amadziwa kuti kamwana komweko kangathe kukufunsa za supuni kakhumi konse. Kusiyana kwake kunali koti Mayi Moore anali ndi chidindo.

Anapuma pantchito mu 1941 atakwanitsa zaka 70, koma kupumako kunali kwa papepala chabe. Ankabwerabe kumisonkhano ya antchito osaitanidwa, ndipo amene anawalowa m'malo, Frances Clarke Sayers, anavutika nawo. Kwa zaka zingapo Mayi Moore anali akulimbikitsa mlembi E. B. White kuti alembe buku la ana. Mu 1945 White anamaliza Stuart Little, nkhani ya kamwana kooneka ngati mbewa m'banja la anthu ku New York. Mayiwa atawerenga bukuli lisanasindikizidwe anakhumudwa kwambiri. Anauza mkonzi wake, Ursula Nordstrom, kuti lisatuluke, ndipo analembera mkazi wa White kalata yaitali yomuchonderera kuti aletse mwamuna wake. Sanawamvere. Bukulo linatuluka ndipo ana analikonda. Mu 1952 White anatulutsa Charlotte's Web, nkhani ya kangaude amene anapulumutsa mwana wa nkhumba kuti asaphedwe, ndipo nalonso Mayi Moore analipezera zifukwa.

Mu 1947 munatulukanso kabuku ka Margaret Wise Brown, amene anaphunzira ku Bank Street kuja, kotchedwa Goodnight Moon. M'kabukuka mulibe chochitika chachikulu. Kamwana ka kalulu kali pabedi, ndipo kakutsanzika chinthu chilichonse cha m'chipinda chimodzichimodzi mpaka tulo titakagwira. N'kabuku ka mtundu weniweni umene Mayi Moore ankadana nawo, ndipo ngakhale anali atapuma, laibulale imene anaiumba m'maganizo awo sinakagule. Mayi Moore sanakwatiwe, ndipo anamwalira ku New York pa 20 Januwale 1961 ali ndi zaka 89. Goodnight Moon inalowa m'mashelefu a New York Public Library mu 1972, patatha zaka 25 chitulukireni, makolo ambirimbiri atakhala akuiwerengera ana awo pogona.

Mu 2020 laibulaleyi inakwanitsa zaka 125, ndipo inatulutsa mndandanda wa mabuku 10 amene abwerekedwa kwambiri m'mbiri yake yonse. Oposa theka anali a ana, obwerekedwa kuchokera m'zipinda zimene Mayi Moore anamenyera nkhondo kuti zikhalepo. Loyamba linali The Snowy Day la Ezra Jack Keats, ndipo Charlotte's Web inali pa nambala 6. Goodnight Moon sinakwane pa khumipo. Akuluakulu a laibulale anaitchula padera pansi pa mndandandawo, n'kufotokoza kuti ikanakhala pakati pa mabuku apamwambawo pakanapanda zaka 25 zija, ndipo anatchula dzina la Mayi Moore.