John Colenso—Bishopu Amene Anapima Baibulo ndi Masamu

M'JANUARY 1854, mwamuna wina wazaka 40 anatsika chombo padoko la Durban, ku South Africa. Iye anali John William Colenso, bishopu woyamba wa Tchalitchi cha Anglican m'chigawo cha Natal. Ana a sukulu ku England anali kumdziŵa kale monga wolemba mabuku awo a masamu. Koma zaka khumi zisanakwane, dzina lake linakhala pakamwa pa atsogoleri achipembedzo, ndipo ambiri analitchula ndi mkwiyo. Kodi chinachitika nchiyani?

Colenso anabadwa mu 1814 ku St Austell, m'chigawo cha Cornwall. Anaphunzira pa Yunivesite ya Cambridge, kumene anakhala wachiŵiri pamayeso a masamu mu 1836. Iye anakhulupirira kuti Mulungu amene anapatsa munthu nzeru sangamuuze kutseka maso ku zimene nzeruzo zapeza. Kwa iye, chiphunzitso chilichonse chinayenera kupimidwa monga momwe yankho la samu limapimidwira.

Atsamunda a ku Natal sanachedwe kuipidwa naye. Mu Durban momwemo, a mpingo wa St Paul's anakangana naye kwambiri pa dongosolo la mapemphero. Ena anakhumudwa pamene iye anatsutsa zoumiriza mwamuna wamitala kuthamangitsa akazi ake asanabatizidwe. Komabe Azulu anampatsa dzina lakuti Sobantu, kutanthauza Tate wa Anthu.

Funso la Wotembenuza Mnzake

Pamishoni yake ya Ekukhanyeni, pafupi ndi Pietermaritzburg, Colenso anaphunzira Chizulu mwakhama, nafalitsa dikishonale mu 1861. Potembenuza Malemba anali kuthandizidwa ndi Mzulu wina, William Ngidi. Tsiku lina atafika pankhani ya Chigumula, Ngidi anafunsa bishopuyo ngati iye mwini anakhulupiriradi kuti nyama zamitundu yonse, za kumaiko otentha ndi ozizira, zinaloŵa m'chingalaŵa ndi kuti Nowa anazipezera chakudya. Colenso anali ataŵerenga mabuku a Charles Lyell onena za miyala ndi zaka za dziko lapansi, ndipo anali kukayikira kale zakuti madzi anamiza dziko lonse. Chikumbumtima sichinamlole kuvomera ndi pakamwa chinthu chimene mtima wake unakana.

Kuona mtima kumeneko nkoyamikirika, makamaka m'nthaŵi imene azungu ambiri sanaone funso la munthu wakuda kukhala loyenera kuliyankha. Kunabalanso zipatso zina zabwino. M'buku lake la 1861 lofotokoza kalata ya Paulo kwa Aroma, Colenso anakana chiphunzitso cha chizunzo chosatha m'moto wa helo, poona kuti sichigwirizana ndi chikondi cha Mulungu.

Koma kenako anatenga cholembera nayamba kuŵerengera. Numeri 1:46 amatchula amuna 603,550 okhoza kupita kunkhondo, chotero Colenso anati mtundu wonsewo unali anthu oposa mamiliyoni aŵiri. Kodi khamu lotero likanasonkhana motani pakhomo la chihema, popeza bwalo lake linali la mikono 100 m'litali ndi 50 m'lifupi? Kodi ansembe atatu okha, Aroni ndi ana ake aŵiri, akanatha motani kupereka nsembe zonse? Nanga zoŵeta zawo zinadya chiyani m'chipululu? Mafunso ameneŵa anadzaza gawo loyamba la buku lake lopenda mabuku asanu a Mose ndi la Yoswa, lotuluka mu 1862. Anagamula kuti zambiri za nkhanizo sizinachitikedi ndi kuti Mose sindiye anazilemba.

Pamenepa mpamene masamu anamnyenga. Iye anaŵerenga mbiri yakale monga ngati funso la mayeso, limene liyenera kupereka mfundo iliyonse. Pamene Malemba anena kuti msonkhano wonse unasonkhana, iye anafuna kuti aliyense aime pakhomo penipenipo, ngakhale kuti m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku timati mudzi wonse unapita kumaliro pamene ena anatsala kunyumba. Ndiponso chisamaliro chozizwitsa cha Mulungu, chimene nkhaniyo imadalira kuyambira pachiyambi, sichinapeze malo okwanira m'kuŵerengera kwake. Podziŵa kuti Yesu mwiniyo anatchula zolemba za Mose, iye anati Yesu, pokhala munthu, anangolankhula mogwirizana ndi chidziŵitso cha m'tsiku lake.—Yohane 5:46.

Aweruzidwa Kukhala Wampatuko

Bishopu Robert Gray wa ku Cape Town anamzenga mlandu wa mpatuko ndi kumchotsa paudindo mu December 1863. Colenso anachita apilo ku Privy Council ya ku London, imene mu 1865 inagamula kuti Gray analibe ulamuliro wochita zimenezo. Atabwerera ku Natal, anachotsedwa mumpingo mu 1866, ndipo mu 1869 bishopu wina, William Macrorie, anaikidwa. Motero chigawo chimodzi chinakhala ndi mabishopu aŵiri opikisana.

Atsamunda ena amene anamchirikiza pamlanduwo anamfulatira pamene anayamba kupima zochita za boma ndi muyeso umodzimodziwo. Mu 1874, mfumu ya Ahlubi, Langalibalele, itaweruzidwa mopanda chilungamo ndi kutumizidwa ku Robben Island, Colenso anasanthula umboni wonse napita nawo ku England. Zimenezo zinathetsa ubwenzi wake wazaka 20 ndi Theophilus Shepstone, nduna yoona nkhani za anthu akuda. Mu 1879 anatsutsanso poyera nkhondo imene Britain anathira Mfumu Cetshwayo ya Azulu.

Colenso anamwalira pa June 20, 1883, naikidwa m'tchalitchi cha St Peter's ku Pietermaritzburg. Mwana wake wamkazi Harriette anapitiriza kuchirikiza banja lachifumu la Azulu, ndipo mmodzi wa ophunzira ake, Magema Fuze, anafalitsa buku la mbiri ya anthu akuda m'Chizulu mu 1922. Ku Pietermaritzburg kudakali dera lina lokhalako anthu lotchedwa Sobantu.