A Gichin Funakoshi: mphunzitsi amene anatulutsa karate m'cibisibisi

Wacinyamata wa ku Livingstone kapena ku Lusaka amene amavala zoyera, kumanga lamba ndi kuweramira mphunzitsi wake asanayambe karate ya Shotokan, akutsatira mwambo wa a Gichin Funakoshi a ku Japan, amene ambiri amawacha tate wa karate ya makono.

A Funakoshi anabadwa pa 10 Novembala 1868 ku Shuri, pa cisumbu ca Okinawa. Anali mwana wodwaladwala. Ali pa sukulu anadziwana ndi mwana wa a Anko Asato, katswiri wa karate, ndipo anayamba kuphunzira kwa bambo ameneyu, kenaka kwa a Anko Itosu. Masiku amenewo karate inkaphunzitsidwa mobisa, motero ankapita kwa a Asato usiku ndi kubwereza mayendedwe amodzimodzi, ochedwa kata, kwa miyezi yambiri asanaloledwe kuphunzira ena. M'caka ca 1888 analowa nchito ya uphunzitsi wa sukulu, imene anaigwira zaka zoposa 30.

Zinthu zinasintha mu 1922 pamene anapita ku Tokyo kukaonetsa karate pa cionetsero ca masewera cokonzedwa ndi unduna wa zamaphunziro. A Jigoro Kano, amene anayambitsa judo, anawaitana kuti akaonetsenso ku sukulu yao ya Kodokan. Anthu atacita cidwi, a Funakoshi anasankha kusabwerera kwao, ngakhale kuti akazi ao anatsala ku Okinawa.

Moyo wa ku Tokyo unali wowawa. Mkulu wa zaka 53, amene kwao anali mphunzitsi wolemekezeka, ankakhala m'kacipinda pa nyumba yogona ophunzira a ku Okinawa ya Meisei Juku, kumene ankasesa, kusamalira dimba ndi kulondera kuti apeze cakudya ndi pogona. Koma sanabwerere m'mbuyo. Caka comweco anatulutsa buku lao loyamba la karate. Mu 1924 anapereka malamba akuda oyamba, potengera dongosolo la judo, ndipo yunivesiti ya Keio inatsegula kalabu ya karate. Mayunivesiti ena anatsatira.

Iwo analimbikitsanso kusintha kalembedwe ka dzina la masewerawa, kuti lisamatanthauzenso dzanja la ku China koma dzanja lopanda cida. Buku lao lalikulu, Karate-do Kyohan, linatuluka mu 1935. M'zaka zotsatira ophunzira ao anasonkha ndalama ndi kuwamangira nyumba yophunzitsiramo ku Tokyo. Anaicha Shotokan, kucokera ku Shoto, dzina limene mphunzitsi wao ankasainira ndakatulo zake.

Nkhondo yaciwiri ya pa dziko lonse inawalanda zambiri. Mu 1945 nyumba ija inaonongedwa ndi mabomba, ndipo mwana wao Gigo, amene ankayembekezeka kulowa m'malo mwao, anamwalira ndi cifuwa cacikulu. Akazi ao, amene anakumana nawonso atasiyana zaka zoposa 20, anamwalira mu 1947. Ngakhale zinali conco, nkhalambayo inayambiranso kuphunzitsa, ndipo mu 1949 ophunzira ake anakhazikitsa bungwe la Japan Karate Association.

Cimene a Funakoshi ankaumirira moyo wao wonse cinali khalidwe. Ankaphunzitsa kuti karate imayamba ndi ulemu ndi kuthera pa ulemu, ndiponso kuti wodziwa karate sayamba ndiye kuponya nkhonya. Sankakondwera ndi zomenyana pofuna zikho. Anamwalira ku Tokyo pa 26 Epulo 1957 ali ndi zaka 88, ndipo patangopita miyezi yocepa bungwe lija linacititsa mpikisano wake woyamba wa dziko lonse la Japan.

Ophunzira a bungweli ndiwo anafalitsa Shotokan kunja. Mu 1965 akatswiri anayi, a Taiji Kase, a Hirokazu Kanazawa, a Keinosuke Enoeda ndi a Hiroshi Shirai, anafika ku South Africa kudzaphunzitsa. Mu 2021 karate inaseweredwa koyamba pa masewera a Olympics, mu mzinda womwewo wa Tokyo umene a Funakoshi ankasesamo.

Cipilala cowakumbukira cinaimikidwa mu 1968 pa kacisi wa Engaku-ji ku Kamakura. Pamwalapo panazokotedwa lamulo lao loletsa wa karate kuyamba ndeu.