Anton Lorenz

Anton Lorenz (1891–1964) anali mmisiri wa mipando komanso munthu wamalonda wobadwira ku Hungary, amene anagwira ntchito ku Germany kenako ku United States. Amadziwika pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi mlandu wa kukhoti wolimbirana umwini wa mpando wachitsulo wopanda miyendo yakumbuyo. Chachiwiri ndi makina a mpando wa ndalema wogoneka chagada, umene chotsamira msana, pokhalira ndi poika miyendo zimayendera limodzi. Masiku ano mipando yambiri yotere imayenda ndi mota yamagetsi, koma zitsulo zimene motayo imakankha ndi za mtundu womwewo umene Lorenz anathera zaka pafupifupi 30 akuukonza. Dzina lake silidziwika ngati la Marcel Breuer kapena Ludwig Mies van der Rohe, chifukwa ntchito yake yambiri inali pamalo amene wogula sayang'anapo: pansi pa mpando ndi m'mapepala a umwini.

Chiyambi chake

Lorenz anabadwira mumzinda wa Budapest mu 1891, nthawi imene Hungary inali mbali ya ufumu wa Austria-Hungary. Anayamba ngati mphunzitsi wa mbiri yakale ndi jogalafe. Mu 1919, nkhondo yoyamba yapadziko lonse itangotha, anasamukira ku Leipzig m'dziko la Germany, kumene mkazi wake, woimba nyimbo za opera, anapeza ntchito. Kumeneko anasiya choko n'kuyamba bizinesi ya maloko ndi tizitsulo tina. Mu 1922 anasamukira ku Berlin.

Sanaphunzire zomangamanga kapena zojambula monga anzake amene anadzagwira nawo ntchito. Chimene anabweretsa ndi kudziwa chitsulo, mtengo wake, ndi mmene katundu amachokera pa pulani n'kufika m'sitolo.

Mipando ya mapaipi

Pa nthawiyi amisiri a ku Germany ndi ku Netherlands anali atayamba kuyesa kupanga mipando ndi mapaipi achitsulo m'malo mwa matabwa. Marcel Breuer, wa ku Hungary yemwe ankaphunzitsa pa sukulu ya Bauhaus, anapanga mpando wake woyamba wa mapaipi mu 1925 atachita chidwi ndi mahandulo a njinga yake, opepuka koma olimba. Breuer ndi mnzake Kalman Lengyel anatsegula kampani ya Standard Möbel ku Berlin kuti izipanga mipandoyo. Malonda sanayende bwino, ndipo Lorenz analowa m'kampaniyo n'kukhala woyang'anira wake.

Mu 1926 katswiri wa zomangamanga wa ku Netherlands, Mart Stam, analumikiza mapaipi a gasi n'kupanga mpando wa miyendo iwiri yokha yakutsogolo. Paipi imachoka pansi, imakwera kutsogolo, imapindikira kumbuyo kukhala pokhalira, kenako imakwera kukhala chotsamira. Kumbuyo kulibe mwendo, moti wokhalapo amaoneka ngati wakhala m'malere. Mpando wa Stam unaonetsedwa pa chionetsero cha nyumba cha Weissenhof ku Stuttgart mu 1927, pomwe Mies van der Rohe anaonetsanso wake wa maganizo omwewo, koma wonyumphanyumpha pang'ono chifukwa cha paipi yofewa. Breuer naye anapanga yake. Pasanathe zaka ziwiri panali anthu atatu otchuka okhala ndi mpando wofanana, ndipo funso loti mwini wake weniweni ndani linali lisanayankhidwe.

Mlandu ndi kampani ya Thonet

Mu 1929 kampani yaikulu ya mipando ya Thonet inagula Standard Möbel. Lorenz sanapereke zonse. Anatsala ndi zitsanzo za mipando yopanda miyendo yakumbuyo, anatsegula kampani yakeyake yotchedwa Desta, ndipo anachita mgwirizano ndi Stam woti iyeyo ndiye azigwiritsa ntchito ufulu wa Stam pa mpandowo. Thonet itayamba kugulitsa mipando yamtunduwu m'dzina la Breuer, Lorenz anaisumira.

Nzeru yake inali pa mtundu wa chitetezo chimene anapempha. Chiphaso cha umwini wa luso latsopano, chotchedwa patent, chimateteza kagwiridwe ntchito ka chinthu ndipo chimatha pakapita zaka zowerengeka. Ufulu wa mwini chojambula kapena chosema umateteza maonekedwe, ndipo umapitirira kwa zaka zambiri mwiniwake atamwalira. Lorenz anauza khoti kuti mpando wa Stam ndi ntchito ya luso la zosemasema, osati chiwiya chabe. Mlandu unadutsa m'makhoti atatu, ndipo mu 1932 khoti lalikulu la Germany, Reichsgericht, lomwe linali ku Leipzig, linagamula mokomera Lorenz ndi Stam.

Chigamulochi chinapweteka Breuer. Mipando ina imene iye anaikonza inayamba kutuluka m'mabuku amalonda a Thonet ili ndi dzina la Stam, ndipo akatswiri a mbiri ya mipando akhala akutsutsana za nkhaniyi mpaka lero. Ndi chifukwa chake ena amamuona Lorenz ngati munthu amene anakolola pomwe sanalime. Mawuwa ali ndi choonadi chake, koma sakwanira. Breuer, Stam ndi Mies ankajambula mipando n'kupita kukamanga nyumba; amene anatsala akulimbana ndi mafakitale, maloya ndi anthu obera mapulani anali Lorenz. Mlandu utatha iye ndi Thonet anagwirizana: mipando ya Desta inapita ku Thonet, ndipo kuyambira 1933 mpaka 1935 Lorenz ndiye ankayang'anira nthambi ya kampaniyo yoona za ziphaso za umwini. Amene anali mdani kukhoti anasanduka mlonda wa pakhomo.

Kufunafuna kakhalidwe kopumitsa thupi

Cha m'ma 1930 maganizo a Lorenz anachoka pa maonekedwe a mpando n'kupita pa kayendedwe kake. Anagwira ntchito ndi katswiri wa zomangamanga Hans Luckhardt, amene mu 1936 anakonza mpando wogoneka wotchedwa Siesta Medizinal, wopangidwa ndi Thonet. Wokhalapo akakankha ndi msana, chotsamira chinkagwera kumbuyo, pokhalira n'kupendekeka, poika miyendo n'kukwera, zonse nthawi imodzi.

Kuti adziwe mlingo woyenera wa kupindika kwa chiuno ndi mawondo, Lorenz anapempha thandizo ku bungwe lofufuza za thupi la munthu pantchito la Kaiser Wilhelm ku Dortmund. Ofufuzawo ankaika anthu m'thanki yagalasi ya madzi amchere, mmene thupi limayandama osalemera, n'kuwajambula atamasula minofu yonse. Zithunzi zinaonetsa kuti munthu womasuka sawongoka ngati wagona pamphasa, komanso sapindika ngati wakhala pa benchi. Chiuno chimatseguka kuposa mmene chimakhalira pampando wamba, ndipo mawondo amapindika pang'ono. Patapita zaka zoposa 30, bungwe la NASA linaona kakhalidwe kofanana ndi aka pa anthu amene anakhala m'chombo cha Skylab mu 1973 ndi 1974, ndipo n'kumene amalonda a masiku ano anatenga mawu akuti mpando wawo umakukhazika ngati uli mumlengalenga.

Vuto limene makina ake ankathetsa

Kugoneka mpando kumaoneka kophweka: kuika hinji pansi pa chotsamira basi. Koma mpando wotere suchedwa kutopetsa. Msana ukagwera kumbuyo pokhalira pali chikhalire, munthu amatsetserekera kutsogolo. Komanso hinji ya mpando siili pamalo amodzi ndi mfundo ya chiuno cha munthu, choncho chotsamira chimakhula msana n'kusolola malaya m'thalauza. Ndipo miyendo ikatsala ikulendewera, m'mphepete mwa pokhalira mumafinya kunsi kwa ntchafu.

Njira ya Lorenz ndi anzake inali yolumikiza mbali zitatu za mpando ndi timipiringidzo tachitsulo tomangidwa ndi mapini. Maziko ake ndi mipiringidzo inayi yolumikizana m'makona, umodzi mwa iyo uli chimango cha mpando chosasuntha. Umodzi ukasuntha, inayo imakakamizika kuyenda m'njira imodzi yokha, ndipo kutalika kwa mpiringidzo uliwonse ndiko kumalamula kuti pokhalira papendekeke pang'ono bwanji pomwe chotsamira chagwa kwambiri. Poika miyendo pamatuluka ndi zitsulo zopingasana ngati sizasi zingapo zolumikizidwa, zimene zimapindika n'kubisala pansi pa mpando koma zikatambasuka zimafika patali. Kusuntha dzenje la pini ndi mamilimita ochepa chabe kumasintha mmene mpando wonse ukumvekera, n'chifukwa chake ziphaso za umwini za mipandoyi zinachuluka kwambiri ngakhale zojambula zake zimaoneka zofanana kwa munthu wamba.

Panali chinthu chinanso chofunika pa nthawi imene mipandoyi inalibe mota: kulemera kwa munthu kunayenera kugawika bwino. Thunthu likamatsika miyendo ikukwera, mbali ziwirizi zimalimbana ngati ana awiri pa katungwe wa thabwa, ndipo mpando wokonzedwa bwino umasuntha ndi mphamvu yochepa n'kuima pomwe mwini wafuna.

Ku America

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itayamba mu 1939, Lorenz anali pa ulendo wamalonda ndipo anakhazikika ku United States. Mu 1940 anapereka chilolezo chogwiritsa ntchito makina ake ku kampani ya Barcalo ya mumzinda wa Buffalo, m'chigawo cha New York, imene inayamba ndi kupanga mabedi achitsulo. Makinawo anagwiritsidwa ntchito pa njinga za olumala zotha kugoneka, ndipo nkhondo itatha anatulukira m'nyumba za anthu: poyamba pa mpando wachitsulo wa Barcaloafer, kenako pa mpando wawofuwofu wa Barcalounger. Lorenz anakhala nzika ya United States mu 1949.

Sanali woyamba kugulitsa mpando wogoneka ku America. Edward Knabusch ndi msuweni wake Edwin Shoemaker, a ku Monroe m'chigawo cha Michigan, anapanga wawo mu 1928, umene unadzatchedwa La-Z-Boy. Koma mipando yawo yoyambirira inalibe poika miyendo polumikizika. Wogula ankaika kampando kapadera kutsogolo. Mipando ya makina a Lorenz inabwera ndi poika miyendo pake pomwe, ndipo makampani opikisana nawo anatsatira. Mu 1952 Morris Futorian anayamba kupanga mpando wa Stratolounger ku Mississippi, nawonso pa chilolezo cha Lorenz.

Kufala kwa wailesi yakanema m'zaka za m'ma 1950 kunabweretsa vuto latsopano. Munthu wogona chagada amayang'ana kudenga, pomwe kanema ali kutsogolo. Lorenz, amene tsopano ankakhala ku Boynton Beach m'chigawo cha Florida, anagwira ntchito ndi mainjiniya Peter Fletcher ndi Fridtjof Schliephacke kupanga makina oyenda magawo awiri. Gawo loyamba limakweza miyendo mutu uli chiwongokere kuti maso aone kanema. Lachiwiri ndilo limagoneka thupi lonse. Ku America Lorenz sankapanga mipando yekha. Ankakhala ndi ziphaso za umwini, mafakitale n'kumamulipira pa mipando imene apanga ndi makina ake.

Mota italowa pansi pa mpando

Mpando wamagetsi wa masiku ano unasintha gwero la mphamvu, koma mafupa ake ndi akale omwe aja. Pansi pake pali mota yaing'ono imene imazungulitsa giya, giyayo n'kuzungulitsa bawuti yaitali ya mazinga. Nati imene ili pa bawutiyo singazungulire, choncho imayenda kutsogolo kapena kumbuyo, monga zimachitikira pa jeke ya galimoto, ndipo ndiyo imakankha kapena kukoka mipiringidzo. Mazinga oterewa sabwerera okha akalemedwa, ndiye chifukwa chake mpando umaima nji pamene munthu wachotsa chala pa batani. Kumathero onse awiri kuli maswitchi odula magetsi kuti mota isapitirire malire, ndipo kabokosi kapadera kamatsitsa magetsi a m'nyumba kufika pa mavoti osakwana 30.

Mpando wa mota imodzi umadalira kwathunthu mipiringidzo kuti idziwe choyamba kuyenda ndi chotsatira: miyendo kaye, msana pambuyo, ndondomeko yomwe ija ya nthawi ya wailesi yakanema. Wa mota ziwiri umalekanitsa msana ndi miyendo kuti chilichonse chiziyenda pachokha. Palinso wina umene umanyamuka n'kupendekera kutsogolo kuti uimiritse okalamba ndi odwala amene mawondo awo sangawadzutse. Yambiri yotere imakhala ndi mabatire oti mpando ubwerere m'malo magetsi akazima munthu ali chigonere. Mota inachotsa kufunika kogawa kulemera mosamala kwambiri, popeza imakankha ngakhale pamene msana wa munthu ukanalephera. Koma siingakonze mipiringidzo yoyezedwa molakwika: mpando wotero umasololabe malaya, kungoti mwapang'onopang'ono. Inabweretsanso ngozi yake, chifukwa zitsulo zonga sizasi zija zikamatsekedwa ndi mota zimatha kupana mwana kapena chiweto chimene chalowa kunsi.

Imfa ndi mapepala ake

Lorenz anamwalira mu 1964 ku Greenwich m'chigawo cha Connecticut. Anasiya mulu waukulu wa makalata, mapangano, zikalata za kukhoti, zojambula ndi zithunzi, kuphatikizapo za anthu oyandama m'thanki ya ku Dortmund. Zonsezi zimasungidwa ku Vitra Design Museum mumzinda wa Weil am Rhein ku Germany, ndipo ofufuza mbiri ya mipando ya mapaipi amazidalira kwambiri. Mu 2019 nyumbayi inachita chionetsero cha moyo ndi ntchito yake.