Thomas Dewey: Bwanamkubwa amene anasunga chuma nkhondo ili mkati

Anthu ambiri ku America amakumbukira Thomas Dewey chifukwa cha chisankho chimene anagonja. Mu Novembala 1948, nyuzipepala ya Chicago Daily Tribune inathamangira kulengeza kuti iye wapambana pa mpando wa pulezidenti, koma mavoti onse atawerengedwa, wopambana anali Harry Truman. Komabe anthu a m'chigawo cha New York amamukumbukira pa chifukwa china, chomwe ndi misewu, zipatala ndi sukulu zimene anawasiyira.

Dewey anabadwa mu 1902 ku Owosso, m'chigawo cha Michigan, ndipo anaphunzira zamalamulo pa yunivesite ya Columbia. Anayamba kutchuka mu 1936 pamene, monga loya wa boma, anamangitsa Lucky Luciano, mtsogoleri wa zigawenga zoopsa mumzinda wa New York. Mu 1938 anaimira chipani cha Republican pa chisankho cha bwanamkubwa, koma anagonja kwa Herbert Lehman. Anayesanso mu 1942 ndipo anapambana. Anthu anamusankhanso mu 1946 ndi mu 1950.

Pamene ankalowa mu ofesi mu Januwale 1943, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inali itafika pachimake. Mafakitale ankagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo ndalama za misonkho zinkalowa zochuluka. Koma boma silikanatha kumanga chilichonse chachikulu, popeza zitsulo ndi amisiri zinali zitaperekedwa ku ntchito za nkhondo. Dewey anakana kumwaza ndalama zotsalazo. Anaziika m'thumba lapadera lodzamangira chigawocho nkhondo ikadzatha, uku akatswiri akukonzeratu mapulani.

Nzeru imeneyi inaonekera asilikali atayamba kubwerera kwawo mu 1945. Anyamata zikwizikwi ankafuna nyumba, ntchito ndi maphunziro nthawi imodzi. Boma la Dewey linasandutsa nyumba za asilikali kukhala malo ogona mabanja ndiponso makoleji, linakonza misewu, ndipo linakuza zipatala za odwala matenda amisala. Mu 1948 anakhazikitsa State University of New York, pa nthawi imene makoleji ena omwe si a boma ankasala Ayuda ndi anthu akuda. Mu 1945 anali atasainanso lamulo loletsa kusankhana mtundu kapena chipembedzo polemba anthu ntchito, loyamba la mtundu wake m'zigawo zonse za dzikolo.

Ntchito yake yaikulu koposa inali msewu wa Thruway, wolumikiza mzinda wa New York ndi Albany komanso Buffalo. Ntchitoyi inayamba mu 1946, koma ndalama zosungidwa zija sizikanakwanira. Choncho mu 1950 panakhazikitsidwa bungwe loti likongole ndalama, ndipo ngongoleyo izibwezedwa ndi ndalama zimene oyendetsa galimoto amalipira pazipata za msewuwo. Gawo lalitali loyamba linatsegulidwa mu 1954.

Dewey anagonja kawiri pa chisankho cha pulezidenti, poyamba kwa Franklin Roosevelt mu 1944, kenako kwa Truman. Ena ankati anali munthu wouma ndi wosachezeka. Anatula pansi udindo kumapeto kwa 1954, nabwerera ku ntchito ya uloya, ndipo anamwalira ku Florida mu Marichi 1971 ali ndi zaka 68. Msewu wa Thruway unapatsidwa dzina lake mu 1964, ndipo magalimoto akuyendabe pamsewuwo mpaka lero.