Jim Croce: Cimbale Cinafika Pamwamba Mwini Wake Ali M'manda

Ife alimi tidziwa kuwawa kwa kulima munda koma osadyako zokolola zake. Izi n'zimene zinacitikira Jim Croce, woimba nyimbo zofatsa za gitala wa ku America.

Croce anabadwa pa 10 January 1943 mumzinda wa Philadelphia. Pamene anakwatira Ingrid mu 1966, makolo ake anam'patsa madola 500 kuti ajambulire cimbale. Iwo anali kuganiza kuti cikalephera kugulidwa, mwana wao adzaleka zoimba ndi kufuna nchito ina. Koma makope onse 500 a cimbaleco, cochedwa Facets, anagulidwa. Cimbale cimene anaimba pamodzi ndi mkazi wake mu 1969 ndiye sicinayende malonda. Banjali linasamukira kumudzi wa Lyndell, m'cigawo ca Pennsylvania, ndipo Croce anayamba kuyendetsa malole ndi kugwira nchito yomanga, uku akulemba nyimbo za anthu wamba amene anali kugwira nao nchito.

Atamva kuti Ingrid ali ndi pakati, analemba Time in a Bottle, nyimbo ya munthu wolakalaka nthawi yokwanira yokhala ndi okondedwa ake. Mwana wamwamuna anabadwa mu 1971. Caka cotsatira, kampani ya ABC Records inatulutsa cimbale cake ca You Don't Mess Around with Jim, mmene munali nyimboyo. Cimbaleci cinam'chukitsa, ndipo mu July 1973 nyimbo yake ina, Bad, Bad Leroy Brown, inakhala nambala 1 ku America. Ngakhale zinali conco, ndalama zofika kunyumba zinali zocepa, ndipo iye anali pa ulendo nthawi zonse, kuimba m'tauni iyi lero, ina mawa.

Pa 20 September 1973, atatsiriza kuimba ku Natchitoches, m'cigawo ca Louisiana, ndeke yaing'ono imene anakwera inagunda mtengo ponyamuka. Anthu onse 6 anafera pomwepo. Croce anali ndi zaka 30.

Malonda aakulu anabwera maliro atapita. Time in a Bottle inakhala nambala 1 kumapeto kwa December 1973. Mu January 1974, cimbale cija ca 1972 cinakwera pa nambala 1 ndi kukhalapo milungu 5. Kwa Ingrid kunafikanso kalata imene mwamuna wake analemba asanamwalire, yonena kuti afuna kuleka maulendo oimba ndi kukhala panyumba ndi banja.

Ambirife timauza ana kuti tidzakhala nao pansi tikakolola, tikagulitsa thonje, tikabweza ngongole ya feteleza. Croce nayenso anali kuyembekezera nthawi yotere. Tsiku limene kalata yake inafika panyumba, mwana wake anali wa zaka ziwiri zokha, ndipo atate ake anali atapita kale.