Michael Faraday: Mwana Wosauka Amene Adaphunzitsa Sayansi ndi Kandulo

Magetsi akazima madzulo, ambiri a ife timayatsa kandulo n'kupitiriza kuwerenga. Koma ndi angati amene adayamba ayang'anitsitsa lawi lija n'kudzifunsa kuti chikuyaka kwenikweni n'chiyani, chingwe kapena phula? Nanga bwanji lawi limaloza kumwamba nthawi zonse? Mafunso otere ndi amene amakometsa mapologalamu a sayansi amene ophunzira amakonza pa wailesi. Wailesi isanabwere n'komwe, munthu wina wa ku England, Michael Faraday, ankadzaza holo ndi achinyamata powafotokozera za kandulo yomweyi.

Faraday adabadwa pa 22 Seputembala 1791 ku Newington Butts, dera lomwe lero lili mumzinda wa London. Bambo ake anali mmisiri wosula zitsulo koma ankadwaladwala, choncho umphawi udamanga nthenje pakhomopo. Sukulu sadapite nayo patali. Adangophunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu pang'ono. Ali ndi zaka 14, mu 1805, adayamba kuphunzira ntchito yosoka mabuku ndi kuwaika zikuto mushopu ya George Riebau, ndipo adakhalamo zaka 7.

Shopuyo ndi imene idasanduka sukulu yake. Mabuku amene anthu ankabweretsa kuti awasoke, iye ankawawerenganso. Adawerenga nkhani ya magetsi mu Encyclopaedia Britannica, komanso buku la Jane Marcet lofotokoza kemisitiri m'mawu osavuta. Sankangokhulupirira zolembedwazo ayi. Ndi timakobidi take tochepa ankagula zipangizo n'kuyesa yekha kuti aone ngati n'zoona.

Mu 1812, kasitomala wina adamupatsa matikiti oti akamvere Humphry Davy, katswiri wa kemisitiri, pabungwe la sayansi la Royal Institution. Faraday adalemba zonse zimene adamva, najambula zipangizo zake, nasoka buku la masamba pafupifupi 300. Bukulo adalitumiza kwa Davy popempha ntchito. Mu Malichi 1813 adalembedwa ntchito yothandizira mulabotale, kutsuka mabotolo ndi kukonza zipangizo.

Njira sidali yosalala. Chaka chomwecho adaperekeza Davy paulendo wa ku France ndi Italy, womwe udatha mu 1815. Mkazi wa Davy ankamuona ngati wantchito wamba, moti nthawi zina ankamudyetsera pamodzi ndi antchito. Ngakhale Davy yemwe, ataona kuti mnyamata uja wayamba kutchuka, adayesa kutsekereza kuti asasankhidwe kukhala membala wa Royal Society. Faraday adapirira, ndipo adasankhidwa mu 1824.

Ntchito yake yaikulu inali pa magetsi ndi maginito. Mu 1821 adaonetsa kuti waya wodutsa magetsi ungathe kuzungulira maginito osaima. Apa ndi pamene padachokera mota imene lero imazunguza fani ndi pampu ya madzi. Kenaka adadzifunsa kuti ngati magetsi amabala mphamvu ya maginito, kodi maginito sangabale magetsi? Adayesa kangapo osaphula kanthu, mpaka mu 1831. Adapeza kuti maginito akangokhala phee m'kati mwa waya wokulunga, palibe chimachitika, koma akamayenda, magetsi amayamba kuyenda muwayamo. Jenereta iliyonse imagwira ntchito pamfundo imeneyi, kuyambira kadayinamo ka panjinga mpaka makina a ku Nkula pamtsinje wa Shire, amene adayamba kupanga magetsi mu 1966.

Pokhala kuti masamu ankawadziwa pang'ono, Faraday ankaganiza pogwiritsa ntchito zithunzi. Ankawaza tizidutswa tachitsulo papepala lokhala pamwamba pa maginito, n'kuona mizere imene tinkapanga. Ankati mphamvuyo imayenda m'malo ooneka ngati mulibe kanthu. Akatswiri ambiri sadamumvetse. James Clerk Maxwell ndi amene adasandutsa maganizowa kukhala masamu, naonetsa kuti payenera kukhala mafunde a magetsi ndi maginito oyenda paliwiro la kuwala. Heinrich Hertz adawapanga mafundewo mulabotale m'zaka za 1887 ndi 1888, ndipo mu 1901 Guglielmo Marconi adatumiza uthenga wopanda waya kuoloka nyanja ya Atlantic. Wailesi imene timamvera lero idachokera mumzere umenewu.

Faraday sadaiwale kuti iyeyo adalowa m'sayansi chifukwa wina adafotokoza momveka. Mu 1825 Royal Institution idayambitsa maphunziro a achinyamata a patchuthi cha kumapeto kwa chaka, otchedwa Christmas Lectures, ndipo iye adawaphunzitsa zaka 19. Otchuka kwambiri ndi maphunziro 6 onena za kandulo, amene adasindikizidwa mu 1861 m'buku lotchedwa The Chemical History of a Candle.

M'maphunzirowo ankayamba ndi zimene mwana aliyense angaone. Kutentha kumasungunula phula pakati, pamene mpweya wozizira wokwera m'mbali umalimbitsa m'mphepete, n'kupanga kakapu kosunga phula losungunukalo. Chingwe chimakoka phulalo kupita nalo m'mwamba monga mmene thaulo imayamwira madzi. Likafika pamoto limasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ndi imene imayaka. Pofuna kutsimikiza, ankazima kandulo n'kuyatsa utsi wake chapatali pang'ono, moto n'kutsetsereka kubwerera pachingwe. Lawi limaloza kumwamba chifukwa mpweya wotentha umakwera n'kulikoka. Kuwala kwake kumachokera ku tizidutswa ta kaboni totentha kwambiri, tomwe timasanduka mwaye mukaika supuni palawi. Adaonetsanso kuti kandulo ikamayaka imadya okosijeni n'kutulutsa madzi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi. Pomaliza ankafika pa thupi la munthu: nafenso timapuma okosijeni, thupi limatentha chakudya pang'onopang'ono, ndipo timatulutsa mpweya womwewo.

Maso ake ankaonanso mavuto a anthu wamba. Mu 1855, atakwera boti pamtsinje wa Thames, adaponya timapepala toyera m'madzi ndipo tidasowa m'maso tisanamire n'komwe kwenikweni chifukwa cha uve. Adalembera nyuzipepala ya The Times kuchenjeza akuluakulu a mzindawo. Boma litamupempha kuti athandize kupanga zida za mpweya wa poizoni pankhondo ya ku Crimea, adakana. Adakananso ulemu wa Sir ndi mpando wa mtsogoleri wa Royal Society.

Kuyambira cha m'ma 1839 adayamba kuvutika ndi chizungulire ndi kuiwalaiwala. Chidamuthandiza n'chizolowezi chake cholemba chilichonse chimene wayesa, chotheka ndi cholephereka chomwe, ndime iliyonse ndi nambala yake. Iye ndi mkazi wake Sarah Barnard, amene adakwatirana mu 1821, sadakhale ndi ana, koma ana a anthu ena ankadzaza holo kudzamumvera. Adamwalira pa 25 Ogasiti 1867 ku Hampton Court ndipo adaikidwa kumanda a Highgate ku London. Maphunziro a achinyamata aja akuchitikabe, ndipo amaonetsedwa pa kanema wa BBC.

Ophunzira amene mumalakalaka kukamba za sayansi pa wailesi kapena pamaso pa anzanu, musadikire labotale yodzaza zipangizo. Mbaula, ndowa ya madzi, mthunzi wa mtengo ndi kandulo zili ndi mafunso okwanira teremu yonse. Sankhani funso limodzi, liyeseni pamodzi ndi aphunzitsi anu, lembani zimene mwaona, kenaka lifotokozeni mwakuti agogo kunyumba amve. Makolo, mwana akafunsa chifukwa chimene utsi umakwerera kumwamba, musamuthamangitse. Yatsani kandulo, muyang'ane naye limodzi.