BAMBO JULES TORREND, MFALANSA WOSONKHANITSA MAU

Mwa azungu onse amene anagwira nchito ya zinenero m'dziko la Alenje, kumene kuli mzinda wa Kabwe, palibe amene mbiri yace iyenera kudziwika kwa aphunzitsi koposa ya Bambo Jules Torrend, wansembe wa gulu la Ayezuiti. Iye anabadwa m'dziko la France caka ca 1861. Cinenero ca amai ace cinali Cifalansa. Koma mabuku ace akulu anawalemba m'Cingelezi, cimene anacita kuphunzira monga acita mwana wa sukulu ya kumudzi.

Tsono Mfalansa pophunzira Cingelezi apeza njira yolambulidwa kale, pakuti m'caka ca 1066 Anormani ocokera ku France anagonjetsa England, ndipo mau ao ambiri anatsalira m'kamwa mwa Angelezi. Nyama ya ng'ombe imene Mngelezi aicha beef, Mfalansa ati boeuf. Ya nkhosa ndi mutton kuno, mouton uko. Table alembedwa cimodzimodzi konsekonse. Koma m'njira yomweyo muli mbuna. Mau akuti library atanthauza nyumba yosungiramo mabuku owerenga, pamene librairie ndi sitolo yogulitsamo mabuku. Ndiponso Mfalansa akati demander angopempha kapena kufunsa mwaulemu, koma demand wa Mngelezi ndi kufuna cinthu mwamphamvu. Munthu wokulira pakati pa zinenero ziwiri zotere adziwa msanga kuti mau angafanane nkhope koma nasiyana mtima. Nzeru imeneyi ioneka m'nchito yonse ya Bambo Torrend.

Ali mnyamata anatumidwa ku Misyoni ya Zambezi, nayamba kukhala ku South Africa. Kumeneko anayamba kulinganiza zinenero za anthu akuda, kutsata mapazi a Wilhelm Bleek, Mjeremani amene anamwalira mu 1875 nchito yace isanathe. M'caka ca 1891, ali ndi zaka 30 zokha, anasindikiza ku London buku lalikulu lochedwa A Comparative Grammar of the South African Bantu Languages. Codabwitsa n'cakuti anasankha Citonga kukhala muyeso woyesera zinenero zinzace zonse, asanaponde n'komwe dziko la Atonga. Akatswiri a pambuyo pace sanamtsate pa ici, ndipo anacita bwino, cifukwa palibe cinenero ca lero cimene cili mai wa zinzace. Komabe bukulo linathandiza ambiri kuona kuti munthu wa Mnyanja ndi muntu wa Mtonga ali mau amodzi.

Atatha zaka zina ku cigwa ca Zambezi m'dziko la Apwitikizi, kumene analemba galamala ya Cisena, anawoloka kudza ku Northern Rhodesia mu 1905 pamodzi ndi Mfalansa mnzace, Bambo Joseph Moreau. Bambo Moreau anakhazikika pa Chikuni pakati pa Atonga, nachuka ndi khasu la ng'ombe. Bambo Torrend anapitirira kumpoto natsegula misyoni ya Kasisi, pafupi ndi pamene pali Lusaka tsopano. Caka cotsatira, 1906, njanji inafika ku mgodi wa Broken Hill, ndilo dzina lakale la Kabwe.

Apa ndipo panayamba nchito yace yokoma koposa. Anakhala pansi kumvetsera nthano za Abene Mukuni, ndiwo Alenje, ndi za anansi ao. Sanakhulupirire khutu lace lokha, koma anagwiritsa nchito makina ojambula mau, makolo a galamafoni, kuti nthano ndi nyimbo zace zilembedwe monga zinaturukira m'kamwa mwa eni ace. Zimenezi zinasindikizidwa mu 1921, cinenero ca eni ndi Cingelezi pamodzi. Masiku amenewo azungu ambiri anayesa nthano za anthu akuda zinthu zacibwana. Wansembe uyu anaziwerengera mtengo wa inki ndi pepala.

Iye anaona kuti Citonga, Ciila ndi Cilenje ndi ana a mimba imodzi. Anthu a mitundu iyi pofuna kunena anthu atatu ati bantu botatwe, ndipo mau omwewo anawasandutsa dzina la banja lonse la zinenerozo, dzina limene akatswiri aligwiritsabe nchito. M'caka ca 1931, ali nkhalamba ya zaka 70, anaturutsa dikishonale yace ya Cingelezi ndi zinenero za Bantu Botatwe. M'menemo liu la Cingelezi liima patsogolo, ndipo pambuyo pace padza mau a eni dziko. Mphunzitsi amene analembapo mndandanda wa mau pa bolodi, Cingelezi kumanzere ndi Cinyanja kumanja, adziwa kubvuta kwace: liu limodzi lakuti carry lifuna kusenza, kubereka, kunyamula ndi kupacika, ndipo mwana wouzidwa limodzi lokha adzasenza khanda pamutu.

Kuyambira 1927 Kasisi inali pansi pa cigawo ca Mpingo wa Katolika ca Broken Hill, cotsogoleredwa ndi Ayezuiti a ku Poland, kotero kuti Mfalansayo anatsiriza moyo wace pakati pa anzace a cinenero cinanso. Anamwalira m'caka ca 1936. Patapita zaka khumi cigawoco cinachedwa ndi dzina la Lusaka, ndipo misyoni ya Kasisi ikalipo ndi masukulu ace.